Galu Wotafuna Chilichonse: Timtaye Kapena Timlere?

Pafupifupi m'banja lililonse, kaya ndi m'makomboni a Lusaka kaya m'midzi ya ku Katete ndi Chadiza, limafika tsiku limene ana amatulukira pakhomo atafukata kagalu, maso ali pa makolo. "Atate, chonde tikasunge, tizikadyetsa tokha." Makolo nawonso amakhala ndi zifukwa zawo zovomerera, pakuti akuba achuluka, avumbwe atha nkhuku, ndipo nyumba imene ili ndi galu imagona tulo tabwino. Motero kagalu kaja kamalowa pakhomo aliyense akusekerera.

Isanathe miyezi iwiri nyimbo imasintha. Nsapato ya abambo yopitira ku Misa yapezeka kuseri kwa nkhokwe ilibe chidendene. Chitenje cha amayi chimene chinayanikidwa pachingwe chasanduka nsanza. Buku la mwana wa sukulu latsala chikuto chokha. Sopo, kandulo, mthiko, chingwe cha tchaja ya foni, ngakhale korona ya agogo, zonse zalawidwa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma ambiri a ife timakumbukira mwambiwu matope atafika kale m'mawondo.

Nkhani zotere zimaseketsa zikamakambidwa pabwalo la tchalitchi Misa itatha, komatu mathero ake kawirikawiri ndi achisoni. Galu wina amamangidwa pa unyolo waufupi mpaka imfa yake. Wina amamenyedwa tsiku ndi tsiku kufikira atasanduka chilombo. Wina amakatayidwa kumsika wakutali kuti asadziwe njira yobwerera. Wina amafa ndi zimene anameza. Ndipo wovutika si galu yekha ayi. Pa ntchito yathu yoyendera Miphakati taona mwamuna ndi mkazi akutha masiku osalankhulana, taonanso anansi amene ankapemphana mchere akuyang'anana ndi diso lofiira, chiyambi chake chili galu. N'chifukwa chake mwezi uno taganiza zokambirana nanu, okondedwa awerengi, za mlendo wa miyendo inayi ameneyu: chimene chimamtafunitsa, zimene zingamuphe, ndi zimene Mpingo umatiphunzitsa za iye.

Musanamlandire, khalani pansi

Galu wosamalidwa bwino amakhala ndi moyo zaka 10 ngakhale kupitirirapo. Mwana amene akumpempha lero ali mu giredi 3 adzamaliza sukulu ya sekondale galuyo akadali pakhomo. Tsono kulandira galu ndi pangano la nthawi yaitali, ndipo pangano lotere silipangidwa ndi munthu mmodzi m'malo mwa banja lonse. Bambo, mayi ndi ana akhale pansi nafunsane: adzamdyetsa ndani? Ndalama ya katemera ndi ya mankhwala a njoka za m'mimba idzachokera kuti? Tonse tikapita kumunda, kuntchito, kapena kumaliro a masiku atatu, adzatsala ndi yani? Ngati nyumba ndi ya lendi, kodi mwini wake walola? Malonjezo a ana ndi okoma, koma kholo lidziwiretu kuti patatha milungu yowerengeka ntchito yonse idzabwerera kwa ilo.

Kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwane milungu 8. M'milungu imeneyi kamaphunzira phunziro limene ife sitingathe kukaphunzitsa bwino. Kakaluma kanzake mopweteka, kanzakeko kamalira nkusiya kusewera, ndipo make amakadzudzula. Umo ndi mmene kamadziwira malire a mano ake. Kagalu kolandidwa msanga kamakula kosadziwa malirewo, ndipo kamaluma manja a ana monga kakuluma mtengo.

Ambiri timakhumbira agalu aakulu a mitundu yakunja, onga German Shepherd ndi Boerboel, tikuiwala kuti galu wamkulu amadya kwambiri, ndipo akasowa chochita amawononganso kwambiri. Galu wathu wakumudzi, amene akatswiri masiku ano amamutcha Africanis, anazolowera dzuwa ndi zakudya za kuno, ndipo akaleredwa bwino amakhala mlonda wokhulupirika. Okhala mu Lusaka adziwenso kuti bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limasunga agalu otayidwa ndi kuwafunira mabanja. Kwa okalamba amene alibenso miyendo yothamangitsirana ndi kagalu, galu wamkulu amene anapitirira kale msinkhu wotafuna ndiye woyenera.

Pa dzina napo pali mawu. Makolo athu anali ndi luso lolankhula kudzera m'maina a agalu. Munthu wokwiyira mnansi wake ankatcha galu wake Adzatopa kapena Mudzaona, ndipo akamuitana madzulo mudzi wonse unkadziwa kumene muviwo walunjika. Mkristu amene ali ndi chifukwa ndi mbale wake apite akalankhule naye pamaso. Galu ampatse dzina lalifupi, lomveka bwino, loti likaitanidwa pasapezeke mtima wolasidwa.

Chimene chimamtafunitsa

Galu alibe manja. Chimene mwana wa munthu amachigwira ndi zala kuti achidziwe, kagalu kamachigwira ndi pakamwa. Kuwonjezera apo pali nkhani ya mano. Kagalu kamabadwa kopanda mano. Oyamba amatuluka kakakwana milungu ngati 3, ndipo onse pamodzi amakhala 28. Cha m'mwezi wachinayi mano amenewa amayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 galu amakhala ndi mano ake achikulire 42, kuposa athu ndi 10. M'nyengo yonseyi nkhama zimayabwa ndi kupweteka, ndipo kukukuta chinthu cholimba ndiwo mankhwala ake. Amayi amene analerapo mwana womera mano sadzavutika kumvetsa zimenezi. Agalu ambiri amapitiriza khalidweli mpaka atakwana chaka chimodzi kapena ziwiri, pambuyo pake amadekha.

Nanga bwanji amasankha nsapato ya abambo, kusiya nkhuni zili mbwee pabwalo? Yankho lili m'mphuno. Galu amalidziwa dziko ndi fungo, ndipo nsapato, sokosi ndi chitenje zimasunga fungo la munthu amene iye amamkonda. Akatsala yekha amafunafuna chimene chikununkhira mwini wake, nagona nacho, ndipo posachedwa wayamba kuchitafuna. Ife timati ndi chipongwe, pamene iye akudzitonthoza pa kusungulumwa.

Chifukwa china ndicho kusowa chochita. Galu analengedwa kuti aziyenda, azinunkhiza, azithamangitsa. Agalu a makolo athu ankatsagana nawo ku uzimba ndi kumunda, ndipo pobwera madzulo ankangodziponya pafupi ndi moto, tulo nkubwera. Galu wa m'tauni, wotsekeredwa mu mpanda wa njerwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, mphamvu zake zimathera pa miyendo ya mipando, pa matayala a njinga ndi pa mapaipi a madzi.

Chomaliza ndi njala yeniyeni. Pakhomo pambiri galu amadya pokhapokha patatsala mkute, ndipo mkutewo ndi nsima yokhayokha. Koma kagalu kamene kakukula kamafuna zakudya zomanga thupi monganso mwana. Njoka za m'mimba nazo zimakalanda ngakhale zochepa zimene kadya. Mimba imatupa, nthiti zimaonekera, ndipo kamayamba kudya dothi, makala ndi zonyansa. Palinso agalu ena amene njala yawo ndi yobadwa nayo. M'chaka cha 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge ku England anapeza kuti mwa agalu a mtundu wa Labrador, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse ali ndi vuto la chibadwa limene limachititsa kuti azingofunabe chakudya ngakhale atadya. Galu wotere sasiya kanthu m'mbale, ndipo mwini wake ndiye ayenera kumuyezera.

Zimene zimapha

Nsapato ikatha imagulidwa ina, koma pali zinthu zimene galu akameza sadzuka nazo. Choyamba kwathu kuno ndi chitsononkho. Nyengo ya dowe timataya zitsononkho paliponse zikununkhirabe. Galu amameza chidutswa, chidutswacho sichigayika, ndipo chimakatseka matumbo monga chotsekera pa botolo. Njere za mango ndi za kotapela zimachita chimodzimodzi. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amaphwanyika kukhala tizidutswa takuthwa timene timalasa pakhosi ndi m'matumbo. Mapulasitiki amene munali nyama kapena kapenta, sokosi, nsanza ndi zingwe, zonsezi galu wosusuka amameza. Mukaona chingwe chikulendewera kukamwa kapena kumbuyo kwake, musachikoke, pakuti mbali ina ingakhale itakola mkati, ndipo pokoka mungacheke matumbo.

Zizindikiro za matumbo otsekeka ndi izi: kusanza mobwerezabwereza, kukana chakudya, kulira mukamgwira pamimba, kulephera kuchita chimbudzi, ndi kufooka. Zikaoneka, apite kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, pakuti nthawi zambiri chomupulumutsa ndi opaleshoni yokha. Maofesi a boma a zaziweto ali m'maboma mwathu, ndipo mu Lusaka, kuwonjezera pa madokotala ena, mulinso chipatala cha ziweto cha pa sukulu ya Samora Machel ya Yunivesite ya Zambia.

Palinso zakudya zimene kwa ife ndi zabwino koma kwa galu ndi ululu. Anyezi ndi adyo, kaya waiwisi kaya wophika, amawononga magazi ake. Choncho ndiwo zotsala zodzala anyezi si mphatso yabwino. Chokoleti chimasokoneza mtima wake, ndipo mphesa, ngakhale zouma zija za m'makeke a Khirisimasi, zingathe kuwononga impso. Mapilitsi athu a mutu ndi a msana, paracetamol ndi ibuprofen, musampatse pomumvera chisoni, ndiponso musawasiye pamene angawapeze.

Oopsa koposa ndi mankhwala a makoswe. Ambiri mwa iwo amaletsa magazi kuundana, ndipo chinyengo chake ndi chakuti galu amaoneka wabwinobwino kwa masiku 3 kapena 5. Kenaka nkhama zimayera, kupuma kumavuta, magazi akutayikira mkati. Mankhwala othetsa ululu umenewu alipo, ndiwo vitamini K, malinga aperekedwe msanga. Mkaka kapena mafuta ophikira amene timathamangira kumumwetsa sachotsa poizoni. Nyamulani galu pamodzi ndi paketi ya chimene wadya, kuti dokotala adziwe chomenyana nacho.

Apa tiime pang'ono, abale. Paliponse pamene pafika mphuno ya kagalu, pamafikanso dzanja la mwana wokwawa. Mankhwala a makoswe kuseri kwa kabati, feteleza pakhonde, mankhwala opopera thonje m'botolo la zakumwa, mabatire otayidwa padzala, nthambo ya magetsi yosenda: ngati galu wazipeza lero, mawa adzazipeza mdzukulu. Banja limene lakonza nyumba yake chifukwa cha galu lakonzeratu chifukwa cha mwana.

Tisaiwalenso zimene zinachitika m'dziko lathu m'chaka cha chilala cha 2024. Mu Ogasiti chaka chimenecho Nduna ya Zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi ululu wa chuku wotchedwa aflatoxin, ndipo poyeza ufa wochokera m'zigayo zina anapeza ululu womwewo. Ululu umenewu umawononga chiwindi, suchoka pophika, ndipo kwa munthu ungathe kuyambitsa khansa ya chiwindi. Agalu aja anakhala alonda ngakhale pa imfa yawo, pakuti ndiwo anachenjeza dziko. Phunziro lake ndi lakuti chimanga chovunda, madeya a chuku ndi nsawawa zowola, zimene timati "tapatsani galu," sizoyenera galu, sizoyeneranso munthu.

Ndodo siphunzitsa galu

Tikafika pakhomo nkupeza nsapato ili zidutswazidutswa, galu amatilandira makutu ali pansi, mchira uli pakati pa miyendo, ndipo timati, "Taonani, akudziwa chimene wachita." M'chaka cha 2009 katswiri wina wa ku New York, mayi Alexandra Horowitz, anayesa chikhulupiriro chimenechi. Eni agalu ankaletsa galu kudya kanthu kena natuluka m'chipinda. Pobwera ankauzidwa kuti galu wadya kapena sanadye, ndipo nthawi zina ankauzidwa zosiyana ndi zimene zachitika. Chimene chinapezeka ndi chakuti nkhope ija ya wolakwa inkaoneka kwambiri galu akakalipiridwa, ngakhale amene sanadye kanthu. Tsono chimene galu amaona ndi mkwiyo wa pankhope pathu, osati nsapato ya m'mawa ija. Iye amalumikiza chilango kapena mphotho ndi chimene akuchita pa kamphindi komweko. Ndodo yofika madzulo imamphunzitsa chinthu chimodzi chokha: kuti kubwera kwa mbuye wake ndi koopsa. Galu wamantha ndiye amadzaluma mwana. Chimodzimodzinso, kumdyetsa tsabola kapena mavu kuti akhale wolusa, monga ena amachitira, ndi nkhanza zimene sizipanga mlonda.

Nanga tichite chiyani? Mmera mpoyamba. Ntchito yoyamba ndi ya anthu: nsapato zikwere pamwamba, zovala ziyanikidwe pamene iye safika, mphika uvindikiridwe, dzenje la zinyalala litchingidwe. Kagalu kakhale ndi malo akeake amthunzi, ouma, okhala ndi madzi akumwa, oti kazikhalamo pamene palibe wokayang'anira. Malowa akhale khola lotakasuka, osati unyolo wa tsiku lonse.

Yachiwiri, popeza sangaleke kutafuna, apatsidwe zakezake zotafuna: fupa lalikulu la ng'ombe losaphika, loti sangalimeze, limene mulichotse likayamba kuphwanyika, mpira wolimba wa labala, karoti wamkulu pa nyengo ya mano. Musampatse nsapato yakutha, pakuti galu sadziwa kusiyanitsa yakutha ndi ya pa Sabata.

Yachitatu ndi kusinthana. Mukampeza ali ndi chinthu chosayenera, musamthamangitse, chifukwa kwa iye amenewo ndi masewera okoma, ndipo galu wothamangitsidwa amameza msanga chimene wanyamula. Musonyezeni kapenta mmodzi, nenani "Siya," ndipo akangolavula mpatseni, mumuyamike, mumpatsenso chotafuna chake. Mawu akhale amodzi kwa banja lonse. Bambo akati "Siya," mayi "Leka," ana nkumangoseka, galu asokonezeka monga amasokonezekera mwana amene makolo ake salankhula chimodzi.

Yachinayi ndi mimba ndi miyendo. Kagalu kadye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo kakapitirira miyezi 6 kazidya kawiri, pa nthawi yodziwika. Nsima kapena phala lisakanizidwe ndi zomanga thupi: fumbi la kapenta, dzira lophika, zotsala za ku butchala zophikidwa bwino. Matumbo ndi mapapo aawisi a ziweto musampatse, pakuti amafalitsa njoka zimene zimadwalitsanso anthu. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe milungu iwiri iliyonse kufikira kagalu katakwana miyezi 3, kenaka mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6, ndipo pambuyo pake miyezi 3 iliyonse. Ndipo tsiku lililonse wina ayende naye, ana amponyere mpira. Galu wokhuta ndi wotopa amagona. Zonsezi sizibala zipatso mlungu umodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nthawi zina mlandu sukhala wa galu

Ku tchalitchi china cha kumudzi chimene timatumikira, banja lina linafika kwa alangizi a mabanja litatha masiku osadyera pamodzi. Galu anali atamwa mazira onse amene nkhuku ya mayi inkakhalira, natafunanso patapata wawo. Mayi anati galuyo achoke. Bambo anati achoke ndi amene sakumfuna. Alangizi atafunsitsa, mayi anaulula chimene chinkawawa: bambo anabwera ndi galuyo osawafunsa, komabe kuphika phala lake, kukolopa zimene wawononga ndi kupepesa anansi, zonse zinagwera iwo, pamene bambo ankangomuitana ndi likhweru madzulo. Mazira anangotsegula bala lakale. Bambo anamanga khola la nkhuku lokwezeka nagula nkhuku ina, ana anagawana masiku odyetsa, ndipo galuyo alipo mpaka lero. Kagalu kosusuka kamaulula msanga mmene ntchito imagawidwira m'nyumba, ndiponso amene mawu ake samveka.

Mpanda wa mnansi ndi matenda a chiwewe

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Galu wanu akadya anapiye a mnansi kapena kuba nsomba zimene anayanika, ngongoleyo ndi yanu. Chilamulo cha Mose, m'buku la Eksodo mutu 21 ndi 22, chinaika kale pa mwini chiweto udindo wobweza zimene chiweto chake chawononga, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri likutimanga ifenso chimodzimodzi. Musadikire kuti akudandaulireni kwa amfumu kapena kwa atcheyamani. Pitani nokha, pepesani, bwezani. Nayenso wolakwiridwa asabwezere potchera poizoni, pakuti nyama yothiridwa mankhwala sisankha pakamwa.

Koma choopsa chachikulu chimene galu woyendayenda angabweretse pakhomo ndi chiwewe. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amawatenga polumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoonekera mwa munthu, kuchira kulibe. Komatu katemera alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa dzina lake Joseph Meister, ndipo tsiku la imfa ya Pasteur, pa 28 Seputembala, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Kagalu kabayidwe kakakwana miyezi 3, ndipo katemerayo azibwerezedwa monga a zaziweto alangizira. Malamulo a dziko lathu, makamaka Control of Dogs Act, amaika udindo umenewu pa mwini galu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa, matendawa amaleka kufala. Choncho Mphakati umene ukumbutsana tsiku la katemera ukuchita ntchito ya chifundo.

Pali chinthu chimodzi chimene mwini galu wotafuna ayenera kuchidziwa bwino. Kutafuna kwa kagalu kosewera nkosiyana ndi kwa galu amene wasintha mwadzidzidzi, wayamba kuluma miyala, timitengo ndi unyolo wake, dovu lili chuchuchu, kulira kwake kwasintha. Chiwewe chimatha kuumitsa nsagwada ndi pakhosi, galu nkumaoneka ngati watsamwa ndi fupa. Ambiri atenga matendawa polowetsa dzanja m'kamwa kufuna fupa limene kulibe. Mtsekereni, chotsani ana, itanani a zaziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ana auzidwe kuti asabise bala poopa kukalipiridwa.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Wina angafunse kuti, kodi nkhani ya galu ikufuna chiyani m'magazini ya Mpingo? Katekisimu ya Mpingo wa Katolika, imene Papa John Paul II anaipereka m'chaka cha 1992, imakamba za nyama pa ndime 2415 mpaka 2418. Imatiphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu, kuti tiyenera kuzikomera mtima, ndipo kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anaonjeza kuti mtima wa munthu ndi umodzi, kotero kuti nkhanza zimene tichitira nyama sizichedwa kuonekera pa anzathu. Mwana amene amaona atate ake akuponda kagalu akuphunzira mmene wamphamvu amachitira ndi wofooka.

M'Malembo ndi m'mbiri ya oyera galu sasowa. M'buku la Tobiti, mnyamata Tobiyasi ponyamuka ulendo wake ndi mngelo Rafaele, galu anatsagana nawo, nabwera nawonso. Za Roch Woyera wa ku Montpellier, amene timamkumbukira pa 16 Ogasiti, mbiri yakale imasimba kuti atadwala mliri potumikira odwala ku Italy, anakabisala m'nkhalango, ndipo galu ndiye ankamubweretsera buledi. John Bosco Woyera anasimba yekha za galu wotuwa, Grigio, amene ankamteteza kwa achiwembu m'misewu ya Turin.

Komabe Katekisimu yomweyo imaika malire. Imati si bwino kuthera pa nyama ndalama zimene zikanayenera kuyamba zathandiza anthu ovutika, ndipo chikondi choyenera munthu chisaperekedwe kwa nyama. Mawu amenewa akutikhudza. Alipo makomo, makamaka kumayadi, kumene galu amadya nyama tsiku lililonse pamene mlonda wa pageti ndi mtsikana wantchito amadyera nsima mchere, malipiro awo atachedwa miyezi iwiri. M'fanizo la pa Luka mutu 16, agalu ndiwo anayandikira Lazaro wosauka pamene mwini nyumba sanamuone nkomwe. Galu adye monga galu, mokwanira ndi mwaukhondo; koma mwana wamasiye amene tikumlera ndi wantchito wathu adye poyamba.

Tsono kwa banja limene mwezi uno lataya nsapato, yankho lathu ndi ili: musamtaye. Yang'anani mano ake, mimba yake ndi kusungulumwa kwake; kwezani zimene ziyenera kukwera; mbayitseni katemera; ndipo mpatseni miyezi yoti akule. Ngati zalephereka ndithu, mfunireni banja lina poyera, mukuwauza zoona za khalidwe lake, osati kukamsiya pamsika kuti akhale mtolo wa mudzi wonse. Pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, tidzapemphere kuti Mulungu atipatse mtima wosamala zonse zimene anaika m'manja mwathu.

Zokambirana mu Mphakati

1. Kodi m'dera lathu agalu amabayidwa liti katemera wa chiwewe, ndipo tingathandizane bwanji kuti pasatsale ndi mmodzi yemwe?

2. Chiweto chathu chikawononga za mnansi, timayamba ndife kupita kukapepesa, kapena timadikira mlandu?

3. Ndi zinthu ziti pakhomo pathu zimene galu kapena mwana wokwawa angazipeze lero, zimene tiyenera kuzichotsa tisanagone?